Magazi a Nkhunzi: Vinyo wa ku Eger ndi Ndiwo Zimene Anakula Nazo

Munthu wa ku Mlowe, kumene mtsinje wa South Rukuru umathira m'nyanja m'dera la Mfumu Mwamlowe, salira kuuzidwa ndi wina ndiwo zoyenera nsima ya kondowole. Adziwa chiyambire ubwana wake kuti nsima ya chinangwa, yonanda ndi yowawasira pang'ono chifukwa cha kuviikidwa m'madzi masiku angapo, imafuna usipa wauwisi wa msuzi, kapena batala wonona, ndi chigwada pambali. Mutampatsa nsima yomweyo ndi nyemba, adzadya ndithu poti ndi mlendo waulemu, koma mumtima adzadziwa kuti pali chimene chasowa. Ukwati wa kondowole ndi nsomba umaoneka ngati wa chilengedwere, komatu si choncho ayi. Chinangwa ndi mbewu ya ku South America. Chinaoloka nyanja zamchere m'zombo za Apwitikizi, ndipo chinafika m'mphepete mwa nyanja yathu ino mochedwa, nsomba zili kale m'miphika. Panapita mibadwo kuti amayi aphunzire kuchiviika, kuchiyanika ndi kuchisinja, kufikira chinagwirizana ndi ndiwo zimene chinazipeza.

Tayamba ndi za ku Mlowe kuti nkhani ya kutali imene tifuna kukamba isakhale yachilendo kwa inu awerengi. Ku Ulaya kuli vinyo wofiira wa dzina loopsa, Egri Bikavér, ndiye kuti Magazi a Nkhunzi a ku Eger. Si vinyo amene mungampeze wamba m'masitolo a ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, kumene vinyo wambiri amachokera ku South Africa. Koma mbiri yake ndi yoyenera kuimva, chifukwa ionetsa m'mene chakumwa ndi ndiwo zake zimakulira pamodzi, ndiponso m'mene dzina labwino la chinthu limaonongekera eni ake akayamba kuthamangira kuchuluka.

Hungary ndi dziko la pakati pa Ulaya, losakhudza nyanja yamchere monga lathu lino. Kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 93,000, ndiye kuti lilingana ndi Malawi titachotsapo madzi a nyanja zathu. Mzinda wa Eger uli kumpoto chakuvuma kwa dzikolo, makilomita ngati 130 kuchokera ku likulu la Budapest, m'chigwa cha pakati pa mapiri a Bükk ndi Mátra. Mfumu Stephen Woyamba, amene anavala chisoti chaufumu cha m'ma 1000 ndipo Eklezia anamtchula woyera mu 1083, ndiye anakhazikitsa dayosizi ya Eger. Pamene pali episkopi ndi ansembe pafunika vinyo wa Misa, tsono minda ya mpesa inakula pamodzi ndi tchalitchi. M'chigwamo munadzakhala alendo ochokera ku chigawo cha Wallonia, ku dziko limene lero ndi Belgium, ndipo iwo anadza ndi luso losamala mpesa. Ankhondo a ku Mongolia anatentha mzindawo mu 1241, koma unamangidwanso, ndipo alimi anapitiriza kupereka kwa episkopi mtulo wa chakhumi cha vinyo wawo. Pansi pa mzindawo pali mwala wofewa wochokera ku phulusa la mapiri a moto akalekale, mwala wosavuta kusema. M'menemo anthu anakumba mapanga ozizira osungiramo migolo, ndipo ambiri a mapangawo akugwirabe ntchito yomweyo.

Dzina la Eger linamveka ku Ulaya konse mu 1552. Ufumu wa Ottoman, wa anthu a ku Turkey, unali utagonjetsa ankhondo a Hungary pa Mohács mu 1526, n'kulanda Buda mu 1541. Mu September 1552 gulu lalikulu la asilikali awo, limene akatswiri a mbiri masiku ano amaliyerekeza pa 35,000 kapena 40,000, linazinga linga la Eger. M'lingamo munali anthu ongopitirira pang'ono 2,000, motsogozedwa ndi István Dobó. Kwa masabata oposa asanu mizinga inagumula makoma, a m'kati n'kumatseka mipata usiku. Amayi a mumzindamo anakwera pamakoma, n'kumakhuthulira madzi owira ndi phula lotentha pa adani okwera pa makwerero. Pakati pa October ankhondo a Ottoman anapasula misasa yawo nabwerera. Ana a sukulu a ku Hungary amaidziwa nkhani imeneyi kupyolera m'buku la Géza Gárdonyi lotchedwa Egri csillagok, limene linasindikizidwa mu 1901, ndi chithunzi cha amayi a ku Eger chimene Bertalan Székely anajambula mu 1867.

Apa ndipo nthano ilowera. Amati Dobó, poona kuti anthu ake alefuka, anatsekula mapanga n'kuwagawira vinyo wofiira. Vinyoyo anayenderera pa ndevu ndi pa zovala zawo, ndipo adani, amene chipembedzo chawo chimaletsa vinyo, ataona ndevu zofiira ndi ukali wa eni akewo anauzana kuti anthu awa amwa magazi a nkhunzi, sitingalimbane nawo. Nthanoyi ndi yokoma, ndipo ogulitsa vinyo amaikonda kwabasi. Vuto lake ndi lakuti mu 1552 minda ya ku Eger inkatulutsa makamaka vinyo woyera, ndipo dzina loti Bikavér silipezeka m'zolembedwa za nthawi imeneyo. Linalembedwa koyamba patapita zaka pafupifupi 300, mu 1846, m'ndakatulo ya János Garay, ndipo iye ankanena za vinyo wa kwawo ku Szekszárd, kumwera kwa dzikolo, osati wa ku Eger. Mpaka lero mizinda iwiriyi ndiyo yokha yololedwa kutchula vinyo wawo dzina limeneli, ndipo uliwonse umati ndiwo mwini wake weniweni.

Zimene zinachitikadi n'zodabwitsa kuposa nthanoyo. Eger anapulumuka mu 1552, koma anagwa mu 1596 pamene Sultan Mehmed III anadza yekha ndi ankhondo ake, ndipo anakhala m'manja mwa a Ottoman zaka 91, kufikira 1687. Nsanja ya mzikiti imene anamanga, yotalika mamita ngati 40, idakali chiimire pakati pa mzindawo. M'zaka zankhondozo anthu ambiri a ku Serbia anathawira kumpoto, nalowa m'Hungary atanyamula timitengo ta mpesa wa kwawo wotchedwa Kadarka. Anadzanso ndi njira yawo yofululira, yosiya madzi a mphesa kuti awire pamodzi ndi makoko ake, pakuti kufiira kwa vinyo kumachokera ku makoko, osati ku madzi a m'kati. Vinyo wofiira wa ku Eger anayambira pa anthu othawa nkhondo amenewa.

Njira yomweyo ya kumwera inadzetsanso tsabola. Tsabola yense, kuyambira kambuzi wathu mpaka paprika wa ku Hungary, kwawo ndi ku America, monga chinangwa chija. Kuno anafika kupyolera m'malonda a m'mbali mwa nyanja ya India. Ku Hungary anafika m'nthawi ya a Ottoman, kotero kuti poyamba eni dziko ankamutcha tsabola wa ku Turkey. Kwa nthawi yaitali anali wa amphawi. Olemera ankagula tsabola wakuda wodula wa ku India, pamene abusa a ng'ombe ndi asodzi ankathira ufa wofiirawu mumphika mwawo. Liwu loti gulyás, limene dziko lonse limalidziwa ngati dzina la chakudya, tanthauzo lake ndi mbusa wa ng'ombe. Abusawo ankaphika nyama ndi anyezi mumphika wachitsulo wopachika pamoto kudambo. Paprika atalowa mumphikamo, chakudyacho chinakwera pang'onopang'ono kuchoka kudambo kufika pa matebulo a m'mizinda m'zaka za m'ma 1800, nthawi imene anthu a ku Hungary ankafuna kuonetsa kuti iwo ndi mtundu pawokha, wosiyana ndi a ku Austria amene ankawalamulira. Pajatu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Zinthu ziwiri zimene Hungary amanyadira nazo patebulo, vinyo wofiira ndi ndiwo za paprika, zonse zinalowa ndi nkhondo imene eni dziko amaikumbukira ndi chisoni.

Paprika wakale anali wowawa. Ku Szeged ndi ku Kalocsa, mizinda iwiri yotchuka ndi mbewuyi, anthu anaphunzira kuchotsa njere ndi mitsempha ya m'kati, m'mene mumakhala ukali, ndipo m'ma 1920 anapeza mtundu wosawawa n'komwe. Ku Szeged komweko katswiri Albert Szent-Györgyi anatulutsa vitamini C wochuluka m'paprika, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1937. Alimi ena a kuno kwathu amaidziwa bwino mbewuyi, chifukwa kuyambira m'ma 1990 inalimbikitsidwa ngati mbewu yogulitsa kunja pambali pa fodya. Ambiri anailima, kuiyanika ndi kuigulitsa m'matumba osailawapo mu ndiwo zawo.

Tibwerere ku mpesa. M'ma 1880 kachilombo kotchedwa phylloxera, kakang'ono ngati nsabwe za m'mbewu, kamene kanachokera ku America n'kuononga minda ya ku France, kanafika ku Eger. Kamayamwa mizu ya mpesa mpaka mtengo kuuma, ndipo m'zaka zochepa minda yambiri ya m'chigwamo inatheratu. Mankhwala ake anapezeka kuti ndi kumezanitsa: kutenga nthambi ya mpesa wa ku Ulaya n'kuilumikiza pa tsinde la mpesa wa ku America, umene mizu yake imapirira kachilomboko, monga tichitira ndi mango ndi malalanje. Pobzalanso, alimi analowetsa mitundu yatsopano pambali pa Kadarka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mlimi wina wa ku Eger, Jenő Grőber, anatchuka ndi kasakanizidwe kake, ndipo ndiye anamveketsa dzina la Egri Bikavér kunja kwa dzikolo. Chiyambire pamenepo Bikavér ndi vinyo wosakaniza mitundu ingapo ya mphesa, uliwonse ndi ntchito yake, monga mayi asakaniza tomato, anyezi ndi nsinjiro mu ndiwo imodzi.

Tsoka lachiwiri linadza ndi anthu. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma la chikomyunizimu linalanda minda ndi mapanga, n'kuziika m'manja mwa makampani a boma ndi magulu a alimi okakamizidwa. Ku likulu ankalamula kuchuluka kwa vinyo wofunika pachaka, ndipo mphesa zinkagulidwa poyesa kulemera kwake, osati kupsa kwake. Aliyense amene anagulitsapo mbewu pa sikelo adziwa chimene chimatsatira. Minda inatsika kuchoka m'mapiri, kumene khasu lokha ndilo limagwira, n'kupita kuzidikha kumene thirakitala ingayende. Mizere inatalikitsidwa, mitengo n'kusenzetsedwa zipatso zoposa mphamvu yake. Kadarka anavutika koposa. Amapsa mochedwa, khungu lake ndi lopyapyala, ndipo mvula ikagwa nthawi yokolola amaola msanga. Mbewu yotere imafuna mwini wake woiyendera tsiku ndi tsiku, ndipo munda wa boma unalibe mwini wotero. Anamzula m'minda yambiri n'kubzala mitundu yobereka kwambiri.

Vinyo wa nthawiyo ankapita wochuluka ku Soviet Union ndi maiko anzake, kumene ogula analibe mwayi wosankha. Wina ankapita ku Britain m'mabotolo a chithunzi cha mutu wa nkhunzi, ndipo m'ma 1970 anali vinyo wotchipa wodziwika kwa ana a sukulu zaukachenjede. Si kuti botolo lililonse linali loipa. Akatswiri ena a m'makampani a bomawo ankaidziwa ntchito yawo. Koma wogula sankadziwa chimene apeze akatsekula, lero wabwino, mawa wamadzimadzi ndi wowawasa. Pamene ulamuliro wa chikomyunizimu unagwa mu 1989, msika wa kuvuma unatha mwadzidzidzi, ndipo kumadzulo dzina la Magazi a Nkhunzi linali litasanduka dzina la vinyo wa pashelefu yapansi.

Apa mabanja amene analandiranso kapena kugula minda anali ndi funso lovuta. Ena ankati dzinali laonongeka, tilisiye, tigulitse vinyo wathu ndi maina a mphesa za ku France amene ogula amawadziwa kale. Ena anati dzina la makolo silitayidwa, limachapidwa. Mwa amene anatsogolera ntchito yochapayo munali Vilmos Thummerer ndi Tibor Gál. Gál anagwirapo ntchito ku Italy ngati mkulu wofulula pa munda wotchuka wa Ornellaia, ndipo anabwerera kwawo kumayambiriro kwa ma 1990 kudzayamba zake. Anamwalira pa ngozi ya galimoto ku South Africa mu 2005, ntchito ili pakati. Mu 1997 alimi a ku Eger anagwirizana malamulo olembedwa, ndipo Bikavér wawo anakhala vinyo woyamba m'Hungary kutetezedwa dzina ndi malo ake mwa njira imeneyi. Malamulowo ananena midzi imene mphesa ziyenera kuchokera, mitundu yololedwa, ndi kuti isachepere itatu m'botolo limodzi. Pambuyo pake anawakhwimitsa, naika magulu atatu: classicus, superior ndi grand superior. Wa gulu loyamba ayenera kugona mumgolo wa matabwa miyezi yosachepera 6, wa magulu apamwamba chaka chathunthu, ndipo mlimi wofuna gulu lapamwamba ayenera kuchepetsa zipatso pa mtengo uliwonse. Vinyo asanatuluke ndi dzinalo, gulu la olawa limayamba lamuyesa.

Ife a kuno tisaone ngati izi ndi za azungu okha. Mpunga wa Kilombero wa ku Karonga uli ndi dzina limene amayi a ku Blantyre amalipirira mtengo wokwera, ndipo ndani sanamvepo dandaulo lakuti ogulitsa ena amausakaniza ndi mpunga wamba, n'kusiya wonunkhira pamwamba pa thumba? Khofi wa m'mapiri a Phoka, kumtunda kwa Mlowe komweko, amagulitsidwa kunja chifukwa cha dzina. Wosakaniza amapindula tsiku limodzi, koma amene amalipira ndi mlimi woona mtima wa ku Karonga, pamene wogula wayamba kukayika thumba lililonse. A ku Eger anaononga dzina lawo m'zaka makumi anayi, ndipo patapita zaka zoposa makumi atatu akali kufotokozera alendo kuti vinyo wa lero si uja wakale.

Tsono amakoma bwanji vinyo ameneyu? Msana wake masiku ano ndi mphesa yotchedwa Kékfrankos, imene ku Austria amaitcha Blaufränkisch ndipo ku Germany Lemberger. Lamulo limafuna kuti iyo ichuluke koposa ina iliyonse m'chisakanizocho. Pamwamba pake amawonjezera Kadarka, Cabernet Franc, Cabernet Sauvignon, Merlot, Syrah, Pinot Noir kapena mitundu ina yololedwa, monga mwa nzeru za mwini munda. Amene ayembekeza chakumwa chakuda ndi cholemera chifukwa cha dzina lake amadabwa. Eger ali kumpoto, kumalo kozizira, ndipo mphesa za kumalo kozizira zimasunga kuwawasa kwawo. M'galasi vinyoyu ndi wofiira modera, koma kuwala kumadutsa. Fungo lake loyamba ndi la kachipatso kofiira kowawasa kamene eni ake amakatcha meggy. Kuno kulibe, koma amene anamwapo madzi a chidede, kapena kudya mapulamu a kumapiri asanapsetse, ali pafupi. Pansi pa fungo limenelo pamamveka mabulosi akupsa ndi kafungo ka tsabola wakuda, kamene kamachokera ku mphesa yeniyeniyo, osati ku chothiramo. Mgolo wa thundu umawonjezera kautsi pang'ono, ndipo vinyo wa zaka zingapo amayamba kununkhira ngati fodya wouma bwino m'chigafa, kapena dothi la m'nkhalango mvula itangogwa.

M'kamwa muli zinthu ziwiri zofunika kuzisiyanitsa. Choyamba ndi kuwawasa, kumene kumadzutsa malovu. Chachiwiri ndi chija mumamva mukadya jambula: lilime limakhakhala, m'kamwa mumauma ngati mwamangika. Chimachititsa zimenezi ndi tannin, amene ali m'makoko ndi m'njere za mphesa, m'jambula, m'nthochi yosapsa ndi mu tiyi wowiritsa kwambiri wopanda mkaka. Iye amagwira zinthu zimene zimapangitsa malovu kuterera, n'chifukwa chake m'kamwa mumauma. Bikavér wabwino ali ndi kuwawasa kwambiri ndi tannin wapakatikati. Satsekemera, chifukwa shuga yense wa mphesa amakhala atasanduka mowa, ndipo ukali wake umakhala pa 13 kapena 14 pa 100 alionse, kuwirikiza pafupifupi katatu mowa wa m'botolo umene tinauzolowera. Malo amasinthanso kakomedwe. Pa phiri la Nagy-Eged, limene minda yake imafika mamita ngati 500 ndipo ndiyo yokwezeka koposa m'dzikolo, nthaka ndi ya mwala wa laimu, ndipo vinyo wake amakhala wolimba, wofuna zaka kuti afewe. Wa pa nthaka ya phulusa la mapiri a moto amakhala wopepukirapo.

Zinthu ziwirizi ndizo zimalongosola chifukwa chake vinyoyu ndi ndiwo za kwawo zimakondana. Taonani pörkölt, chakudya cha Lamulungu cha mabanja ambiri. Amasungunula mafuta a nkhumba, n'kukazingamo anyezi wambiri kufikira atafewa. Kenaka amaphula mphika pamoto asanathire paprika, chifukwa paprika ali ndi shuga ndipo akapserera amawawa ngati ndulu. Akatero amaikamo nyama ya ng'ombe, makamaka ya msongolo ya mitsempha, ndi madzi pang'ono chabe, nthawi zina ndi kapu ya vinyo yemweyo, n'kuisiya pamoto wochepa maola atatu kapena kuposa. Msuzi wake umatuluka wokhuthala, wofiira, wamafuta, ndipo amadyera timibulu ta ufa wa tirigu ndi mazira totchedwa nokedli. Ndiwo yotere ikakuta lilime, pofika nthongo yachisanu munthu samvanso kukoma kwake. Kuwawasa kwa vinyo kumatsuka mafutawo, monga ndimu ichitira pa nsomba yokazinga, ndipo nthongo yotsatira imakoma ngati yoyamba. Nayo nyama imathandiza vinyo: tannin uja amagwira mafuta ndi msuzi wa nyama m'malo mogwira malovu, motero vinyo amene anali wokhakhala pomwa payekha amafewa. Kutsekemera kwa anyezi ndi paprika kumakumana ndi fungo la zipatso lija. Palibe katswiri amene anakhala pansi kuti apange zimenezi. Alimi ankafulula vinyo woti amwere pa chakudya chimene akazi awo ankaphika, ndipo vinyo wosagwirizana nacho sankabzalidwanso.

Chimodzimodzi gulyás, amene kwawo ndi msuzi wa nyama ndi mbatata ya kachewere, wamadzi kuposa pörkölt, amafuna Bikavér wamng'ono wa gulu loyamba. Soseji zofukiza za nkhumba, bakha wootcha ndi kabichi wofiira zimayenda naye bwino lomwe. Nyama za m'tchire za m'mapiri a Bükk, mbawala za kumeneko ndi nguluwe, amasungira vinyo wa magulu apamwamba amene wagona zaka. Mwa ndiwo zathu, yoyandikira kwambiri ndi nyama ya mbuzi yophika nthawi yaitali ndi anyezi ndi tomato, kapena nkhuku ya chikuda ya msuzi, kapena mang'ina. Tomato ndi wowawasa, ndipo vinyo wopanda kuwawasa amamveka ngati madzi pambali pake. Bikavér sagonja pamenepo. Chenjezo lili pa kambuzi. Paprika wa mu pörkölt ndi wonunkhira koma wosawawa kwenikweni, pamene kambuzi ndi moto, ndipo mowa umakolezera moto wa tsabola m'malo mouzimitsa. Wothira kambuzi wambiri m'mbale samvanso chidede kapena mabulosi m'galasi, amangomva kutentha. Zotsekemera nazo, monga keke ya paukwati, zimasandutsa vinyo wosatsekemera kukhala wowawa.

Nanga nsomba? Mabuku a ku France ndi ku England amaphunzitsa kuti nsomba imayenda ndi vinyo woyera, ndipo pali chifukwa chake. Ofufuza a ku Japan anaonetsa mu 2009 kuti tizitsulo ta ayironi topezeka mu vinyo wina wofiira timakumana ndi mafuta a nsomba, n'kutulutsa fungo la chinsomba lotsalira m'kamwa. Koma asodzi a pa mitsinje ya Danube ndi Tisza sanawerenge mabukuwo. Iwo ali ndi msuzi wawo wotchedwa halászlé, wa nsomba ya carp, wachibale wa ntchila ya m'nyanja yathu, wophikidwa ndi anyezi ndi paprika wochuluka mpaka kufiira ngati katondo, ndipo ku Baja ndi ku Szekszárd amaumwera vinyo wofiira wa Kadarka. Chinsinsi chake n'chakuti Kadarka ali ndi tannin wochepa, ndipo chimene vinyo akumana nacho mumbalemo ndi msuzi wa paprika koposa nsombayo. Potsata nzeru imeneyi, kampango kapena batala wa msuzi wa tomato ndi anyezi angalandire Bikavér wamng'ono, wopepuka. Usipa wouma, ndi mafuta ake amene dzuwa lawakhwimitsa kale, ndi kumene ife sitingayese. Ndipo chambo chootcha pamakala n'chofewa kukoma, vinyo wofiira angachiphimbe. Kutentha nakonso kuli ndi mbali yake. Eni ake amamwa vinyoyu pa madigiri 16 mpaka 18, pamene m'mphepete mwa nyanja mu October kumapitirira 30. Vinyo wofiira wofunda amangonunkha mowa, choncho botolo liyenera kuyamba lagona mumtsuko wa madzi ozizira.

Ku Eger mwezi wa July uliwonse kumachitika chikondwerero cha vinyo, chimene kale chinkatchedwa cha Bikavér ndipo ankachitchula m'dzina la Donatus Woyera, nkhoswe ya alimi a mpesa, amene makolo awo ankamupempha kuti awatchinjirize ku matalala ndi mphezi. Chimachitikira m'munda waukulu wotchedwa Érsekkert, umene kale unali wa arkiepiskopi. Ofulula vinyo amaikidwa awiriawiri ndi ophika a m'nyumba zodyera, ndipo mlendo amalandira mbale ndi galasi zimene awiriwo anagwirizana kuti ziyendere pamodzi. M'migolo ina ya ofululawo Kadarka wayambanso kupezeka, chifukwa mabanja angapo anabzalanso mpesa umenewu m'mapiri m'mene unazulidwa, ngakhale ukali wovuta kuusamala monga kale.